Uthenga wa zilembo 32: mbiri ya tizipangizo tolankhula ndi setilaiti

Pa 4 Okutobala 1957 dziko la Soviet Union linaponya mumlengalenga Sputnik 1, chimpira chachitsulo cholemera makilogalamu oposa 83. Sichinkajambula zithunzi, sichinkanyamula mawu a munthu. Chinkangolira pa wailesi, kulira komwekomweko, kwa milungu itatu mpaka mabatire anatha. Akatswiri awiri a ku Applied Physics Laboratory ya yunivesite ya Johns Hopkins ku America, William Guier ndi George Weiffenbach, atatchera khutu anazindikira kuti kulirako kumasintha. Setilaiti ikamabwera kumakwera, ikamapita kumatsika, monga momwe sayirini ya ambulansi imamvekera ikamakudutsani mutaima m'mbali mwa msewu. Asayansi amakutcha kusintha kwa Doppler. Powerengera kusinthako, awiriwa anapeza njira yonse imene Sputnik inkayenda. Mkulu wina wa pamalopo, Frank McClure, anaitembenuza nkhaniyo: ngati munthu wodziwa pamene waima angapeze pamene pali setilaiti, ndiye kuti wodziwa pamene pali setilaiti angapezenso pamene pali chinthu cha pansi pano. Pa ganizo limeneli panabadwa masetilaiti a Transit, amene kuyambira 1964 ankathandiza sitima zankhondo za America zoyenda pansi pa madzi kudziwa pamene zafika.

Masiku ano makampani ambiri akulengeza kuti kachipangizo kokwana m'manja, koyendera batire, kangathe kutumiza uthenga molunjika ku setilaiti popanda nsanja ya netiweki, popanda dishi. Amati ndi intaneti ya zinthu, IoT mwachidule, ndipo amaikamba ngati yatulukira dzulo. Dzinalo linabwera mu 1999, ntchitoyo itakula kale. Zoyamba kulankhula ndi setilaiti mwa njira imeneyi zinali nyama zakutchire, mabaluni oyezera nyengo ndi zoyandama zapanyanja, zinthu zokhala kumene waya sungafike komanso kumene kulibe munthu wosintha batire. Ndikaiyang'ana mbiri yonseyi ndimaona kuti amene anakhutira ndi kauthenga kafupi, kodikira nthawi yake, ndiwo akhalitsa. Amene analowa ndi malonjezo akuluakulu ambiri anagwa, ndipo anagwetsa nawo anthu amene anawadalira.

Chifukwa chosankhira masetilaiti oyenda chapafupi n'chosavuta kumva. Setilaiti imene dishi ya DStv imaloza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo imaoneka ngati yangoima malo amodzi. Setilaiti yoyenda chapafupi imakhala pakati pa makilomita 500 ndi 900 kuchokera pansi. Mafunde a wailesi amafooka mofulumira kwambiri mtunda ukamakula, moti uthenga wopita pa makilomita 36,000 umafika utafooka kuposa ka 1,700 poyerekeza ndi wopita pa makilomita 850. Kachipangizo ka batire laling'ono ndi eriyo yaifupi sikangakuwe mokweza chotero. Koma kuyandikirako kuli ndi mtengo wake. Setilaiti yapafupi imathamanga makilomita pafupifupi 27,000 pa ola, imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 100, ndipo pamalo amodzi imaoneka kwa mphindi 10 kapena kupitirirapo pang'ono, kenako yapita. Wofuna kulankhula nayo azilankhula mwachidule, ndipo aziyembekezera.

Mu Epulo 1970, ku Jackson Hole m'chigawo cha Wyoming, gulu la akatswiri a zanyama limene munali abale awiri a Craighead linamanga kolala m'khosi mwa mbawala yaikulu ya mtundu wa elk, imene anaitcha Monique. Kolalayo inkalemera makilogalamu pafupifupi 11. Taganizani nyama ikuyenda, ikudya, ikugona ndi katundu wotere m'khosi. Kulemerako kunabwera chifukwa cha kapangidwe ka setilaiti ya Nimbus 3, imene NASA inaponya mu 1969. Setilaitiyo inkayamba ndi kuitana chipangizo cha pansi, chipangizocho n'kuyankha. Choncho kolala inayenera kukhala ndi cholandirira, chotumizira, ndi mabatire okwanira kuti izimvetsera nthawi zonse. Monique anamutsatira kwa pafupifupi mwezi, ndipo anakhala nyama yoyamba kulondoledwa kuchokera mumlengalenga. A ku France anayesa njira yomweyo mu 1971 ndi setilaiti ya Eole, imene inkatsatira mabaluni pafupifupi 500 oulutsidwa kuchokera ku Argentina pofuna kudziwa kayendedwe ka mphepo kumwera kwa dziko lapansi. Mabaluniwo ankamva malamulo ochokera kumwamba, kuphatikizapo lamulo lodziwononga, ndipo tsiku lina lamulo lotumizidwa molakwika linaphulitsa mabaluni pafupifupi 70 nthawi imodzi.

Kusintha kwenikweni kunabwera ndi Nimbus 6 mu 1975, pamene akatswiri anachotseratu kuitana kuja. Chipangizo cha pansi chisamvetsere kanthu. Chizingodzuka, kunena mawu ake, n'kugonanso, kaya setilaiti ilipo kaya palibe. Mauthenga ambiri amapita pachabe, koma ochepa amene apeza setilaiti ikudutsa amakwanira. Ganizo limeneli, looneka ngati losasamala, ndilo linachepetsa kulemera, mtengo ndi njala ya batire, ndipo pa ilo panamangidwa Argos.

Argos inayamba mu 1978 mwa mgwirizano wa bungwe la zamlengalenga la France, CNES, ndi mabungwe awiri a America, NASA ndi NOAA. Cholandirira chake choyamba chinakwera pa setilaiti ya zanyengo ya TIROS-N mu Okutobala chaka chomwecho. Kagwiridwe kake nkoyenera kukaona pafupi. Kachipangizo kamadzuka pafupifupi mphindi imodzi ndi theka iliyonse, n'kutumiza pa 401.65 MHz uthenga wosakwana sekondi imodzi. Mu uthengawo muli nambala yake ndi malo a mabayiti osapitirira 32, amene tingati ndi zilembo 32. Chiganizo mukuwerengachi sichingakwanemo. Koma kutentha kwa madzi, kuthamanga kwa mphepo ndi mphamvu yotsala m'batire zimakwana bwinobwino. Setilaiti ikudutsa pa makilomita 850 imatola mauthengawo, kuwasunga, n'kukawatula ikafika pamwamba pa siteshoni ya pansi monga ya ku Fairbanks ku Alaska kapena Wallops Island ku Virginia. Kachipangizoko sikadziwa pamene kali. Makompyuta a ku Toulouse ku France ndiwo amawerengera malowo kuchokera pa kusintha kwa Doppler kuja, ndipo akalandira mauthenga anayi kapena kuposa pa ulendo umodzi wa setilaiti, amaloza malo mosaphonya kwambiri, nthawi zina mkati mwa mamita 250. Masetilaitiwa amadutsa pamwamba pa nsonga ziwiri za dziko ulendo uliwonse, motero chipangizo cha ku Antarctica chimawaona kawirikawiri kuposa cha kuno kwathu pafupi ndi equator. Mu 1986 ntchito ya tsiku ndi tsiku inaperekedwa m'manja mwa CLS, kampani imene CNES inakhazikitsa.

Zimene zilembo 32 zinaululira dziko n'zambiri. Mu 1990 Pierre Jouventin ndi Henri Weimerskirch anasindikiza mu magazini ya Nature zimene anapeza atamangirira tizipangizo ta magalamu 180 pa mbalame zikuluzikulu zapanyanja za albatross ku zilumba za Crozet. Mbalame imodzi, pa ulendo umodzi wokafuna chakudya inzake ili pa dzira, inkauluka makilomita pakati pa 3,600 ndi 15,000. Palibe amene ankaganiza za mtunda wotere. Mu Novembala 2003, ku Gansbaai ku South Africa, ofufuza anabaya kachipangizo pamsana pa shaki yaikazi imene anaitcha Nicole. Mafunde a wailesi sayenda m'madzi a mchere, choncho kachipangizoko kankangolemba kuya kwa madzi, kutentha ndi kuwala, kali chete. Tsiku loikika litakwana kanadzimasula, n'kuyandama, n'kuyamba kulankhula ndi Argos kali kugombe la kumadzulo kwa Australia. Nicole anali atasambira makilomita pafupifupi 11,000 m'masiku 99, ndipo mu Ogasiti 2004 anamuonanso ku Gansbaai komwe kuja.

Dera lathu lino lalowamo m'nkhaniyi kudzera m'zouluka. Mileme mamiliyoni imene imasonkhana ku Kasanka ku Zambia kumapeto kwa chaka chilichonse, ingapo inavekedwa tizipangizo totere, ndipo inaonetsa kuti ikabalalika imalowera kutali m'nkhalango za ku Congo. Mbalame ya cuckoo yotchedwa Onon, imene inavekedwa kachipangizo ka magalamu osapitirira asanu ku Mongolia mu Juni 2019, inadzathera nyengo yadzinja ku Zambia, n'kubwerera kwawo mu Meyi 2020 itawoloka nyanja pakati pa Africa ndi India osatera. Kuchoka pa makilogalamu 11 a Monique kufika pa magalamu asanu a Onon panadutsa zaka zosakwana 50.

Panalinso ntchito ina yopulumutsa miyoyo imene inabadwa mkati mwenimweni mwa udani wa America ndi Soviet Union. Mu 1979 mayiko awiriwa pamodzi ndi Canada ndi France anagwirizana zokhazikitsa Cospas-Sarsat, njira yomvera kulira kwa tizipangizo ta ndege zakugwa ndi sitima zomira. Setilaiti yoyamba inali ya Soviet Union, yoponyedwa mu Juni 1982. Mu Sepitembala chaka chomwecho inamva kulira kochokera m'mapiri a British Columbia ku Canada, ndipo anthu atatu amene ndege yawo yaing'ono inagwa anapezeka amoyo. Kuchokera nthawiyo anthu oposa 50,000 apulumutsidwa mothandizidwa ndi njira imeneyi, ndipo wolira salipira kanthu. Kuno ku Africa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, bungwe la SatelLife linkagwiritsa ntchito timasetilaiti topangidwa ku Surrey ku England kunyamula makalata a madokotala. Imodzi mwa masiteshoni ake oyambirira inali ku University of Zambia ku Lusaka. Kalata inkakwera setilaiti ikamadutsa, n'kukatsika maola angapo pambuyo pake kutsidya la nyanja.

Kenako kunabwera amalonda. Msonkhano wa mayiko wogawa mafunde a wailesi wa ku Torremolinos ku Spain mu 1992 unapatula malo a masetilaiti ang'onoang'ono onyamula mauthenga afupi. Kampani ya Orbcomm inaponya awiri oyamba mu 1995, pa roketi ya Pegasus imene imanyamulidwa ndi ndege n'kumasulidwa mumlengalenga, ndipo cholinga chake chinali kutsatira matiraki, makontena ndi mapaipi a mafuta. Motorola inali ndi maloto aakulu kuposa amenewa: foni ya m'manja yogwira paliponse padziko. Netiweki yake ya Iridium inadya ndalama pafupifupi madola 5 biliyoni, masetilaiti 66 pa makilomita 780, olumikizana okhaokha mumlengalenga. Inayamba ntchito mu Novembala 1998. Foni yake inali yaikulu, yogula madola pafupifupi 3,000, yosagwira m'nyumba, ndipo pa nthawi yomweyo nsanja za mafoni wamba zinali zikumera m'mizinda yonse imene anthu andalama ankakhala. Mu Ogasiti 1999 kampaniyo inagwa chagada. Orbcomm inatsatira mu 2000, Globalstar mu 2002. Zinafika poti masetilaiti onse a Iridium atsitsidwe akapsere mumpweya, koma chakumapeto kwa 2000 gulu lotsogozedwa ndi Dan Colussy linagula zonsezo pa madola 25 miliyoni okha, atalonjezedwa kuti asilikali a America adzakhala kasitomala.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndicho chimandikhudza kwambiri. Mu 2003 eni ake atsopano anayambitsa ntchito ya mauthenga afupi, Short Burst Data, imene tizipangizo take todziwika timatumiza mabayiti osapitirira 340 nthawi imodzi. Netiweki yomangidwira mabwana oyendayenda inapezeka ikutumikira mathirakitala, maboti a asodzi, makolala a nyama ndi zoyezera nyengo, ndipo lero olembetsa ambiri a Iridium si anthu olankhula, ndi zipangizo. Chitsanzo chabwino ndi zoyandama za pulogalamu ya Argo (yosiyana ndi Argos), imene inayamba cha m'ma 2000 ndipo pofika 2007 inali ndi zoyandama 3,000 m'nyanja zonse. Chilichonse chimamira mamita 1,000, n'kutengeka ndi madzi masiku asanu ndi anayi, kenako chimatsikira pa mamita 2,000, n'kupopera mafuta m'kathumba kakunja kuti chipepuke, n'kukwera pang'onopang'ono chikuyeza kutentha ndi mchere. Chikatumphuka chimatula zonse. Pa Argos chinkayenera kukhala pamwamba maola ambiri, chikubwereza timauthenga take, uku mafunde akuchikokera kutali ndi pamene chinayezera. Pa Iridium chimamaliza m'mphindi zochepa n'kumiranso. Zambiri zimene dziko likudziwa lero za kutentha kwa nyanja, komwe kumapatsa mphamvu anamondwe amene amatifika kudzera ku Mozambique, zinakwera kumwamba mwa njira imeneyi.

Funde latsopano linayamba ndi kutsika kwa mitengo. Mu 1999 Jordi Puig-Suari ndi Bob Twiggs, aphunzitsi a m'mayunivesite a ku California, anakonza muyezo wa CubeSat, kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, kuti ophunzira azitha kudzipangira setilaiti. Maroketi anayamba kunyamula timasetilaiti tambirimbiri ulendo umodzi. Pansi pano, njira ya wailesi ya LoRa, yopangidwa ku Grenoble ku France n'kugulidwa ndi Semtech mu 2012, inachititsa kuti kachipangizo kotchipa kamveke kutali ndi mphamvu yochepa zedi, ndipo kampani ya Lacuna Space ya ku Britain inasonyeza kuti kangamveke mpaka mumlengalenga. Ku Adelaide, Myriota inatuluka mu University of South Australia mu 2015 n'kuyamba ndi vuto la alimi a ng'ombe a kumeneko, amene mafamu awo ndi aakulu moti munthu amatha tsiku lonse pa galimoto kungokaona ngati m'mathanki muli madzi. Kachipangizo pa thanki, uthenga kangapo pa tsiku, ulendo uja watha.

Pa makampani onse atsopanowa, nkhani ya Swarm ndiyo yoyenera kuikumbukira. Masetilaiti ake anali ang'ono kuposa CubeSat kanayi. Bungwe loona za mafunde ku America, FCC, linakana kupereka chilolezo poopa kuti sangaoneke bwino pa makina otsatira zinthu mumlengalenga, koma mu Januwale 2018 anayi anakwerabe pa roketi ya ku India. Kampaniyo inalipitsidwa madola 900,000. Itakonza zinthu ndi boma inabwera ndi mtengo umene unagwedeza msika, madola 5 pa mwezi pa chipangizo chimodzi, ndipo ofufuza, alimi ndi mabungwe ang'onoang'ono anathamangira. SpaceX inagula Swarm mu 2021, ndipo mu 2023 kugulitsa zipangizo zatsopano kunaimitsidwa. Amene anali atamanga ntchito zawo pa wailesi ya Swarm anatsala ndi zitsulo zosatha kulankhula ndi setilaiti ya wina aliyense. Hiber ya ku Netherlands inali itasiya kale masetilaiti ake mu 2021. Ngakhale asayansi sanapulumuke: pulogalamu ya ICARUS ya Martin Wikelski wa ku Max Planck ku Germany, imene inkatsatira mbalame kudzera pa eriyo yomangidwa ku mbali ya Russia ya International Space Station, inazima mu Malichi 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Mbalame zinapitiriza kuuluka ndi tizipangizo tawo, wozimva palibe.

N'chifukwa chake chaka cha 2022 n'chofunika m'mbiri imeneyi. Bungwe la 3GPP, limene limakonza miyezo ya mafoni a m'manja padziko lonse, linamaliza gawo lake la Release 17, momwe munalowa kalankhulidwe ka tizipangizo ta NB-IoT ndi setilaiti. Tanthauzo lake n'lakuti chipangizo chimodzi, chokhala ndi simu khadi, chingagwiritse ntchito nsanja pamene ilipo ndi setilaiti pamene palibe, ndipo mwini wake sakhala kapolo wa kampani imodzi. Sateliot ya ku Barcelona ndi OQ Technology ya ku Luxembourg zikumanga pa muyezo umenewu. SpaceX inaponya masetilaiti ake oyamba olankhula ndi foni wamba mu Januwale 2024. Izi n'zosiyana ndi Starlink ya dishi imene inafika ku Malawi mu 2023, yomwe imafuna magetsi ambiri ndipo singamangidwe pa mjigo kapena m'khosi mwa nyama. Nayo Argos sinafe. Kampani ya Kinéis, yotuluka mu CLS, inaponya masetilaiti 25 kuchokera ku New Zealand pakati pa Juni 2024 ndi Malichi 2025, kuti nthawi yodikira ichepe.

Mavuto akale akadalipo. Denga, phanga ngakhale masamba othithikana amatsekereza uthenga. Tizipangizo tikachuluka pansi pa setilaiti imodzi timalankhula nthawi imodzi n'kusokonezana. Kumwambako kukudzaza, ndipo pa 10 Febuluwale 2009 setilaiti ya Iridium 33 inawombana ndi Cosmos 2251 yakufa pamwamba pa Siberia, n'kumwaza zidutswa pafupifupi 2,000 zotheka kuzitsatira. Komanso setilaiti siidziwa malire a mayiko, pamene chilolezo chogwiritsa ntchito mafunde chimaperekedwa dziko ndi dziko, monga MACRA imachitira kwathu.

Ku Malawi ukadaulo umenewu unafika kale kudzera m'nkhalango zotetezedwa. Pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zina zinavekedwa makolala kuti oyang'anira nkhalango azidziwa komwe gulu lalowera. Zimene zimathekera njovu zingathekerenso mitsinje. Namondwe Freddy atagunda chigawo chakumwera mu Malichi 2023, misewu inaduka, magetsi anathima, ndipo m'madera ena netiweki ya foni inasowa pa nthawi imene anthu ankaifunitsitsa. Choyezera madzi cha pa mlatho wa Ruo kapena kumtunda kwa Likhubula chili ndi zochepa zonena: madzi afika apa, nthawi ndi iyi, batire latsala chonchi. Zonsezi zimakwana m'zilembo 32, ndipo setilaiti siikokoloka ndi madzi.

Koma uthenga wa madzi osefukira sungadikire maola awiri kuti setilaiti idutse, monga ungadikirire wa thanki kapena wa mjigo. Choncho a nthambi ya zamadzi, a DoDMA ndi mabungwe amene akuganiza zogula zipangizo zoterezi, musakopeke ndi mtengo wa pamwezi wokha. Funsani kuti uthenga umatenga nthawi yaitali bwanji kufika pano pamene tili, osati ku Ulaya. Funsani ngati chipangizocho chingalankhule ndi masetilaiti a kampani ina eni akewo akagulidwa kapena akatseka, ndipo yankholo lilembedwe mu mgwirizano musanalipire. Ndipo m'bajeti yomweyo muikemo maphunziro ndi malipiro a amisiri athu a ku Nsanje, Mulanje ndi Karonga amene azidzakwera pa mlatho kukasintha batire ndi kupukuta sola chaka chachisanu, alendo oika zipangizowo atabwerera kwawo.